Phunziro la Fizikisi: Gudumu la Madzi

Dulani phesi louma la chimanga lotalika ngati chala, mulowetse sipoko ya njinga pakati pake. Zikani tizidutswa 6 ta botolo lapulasitiki mozungulira phesilo ngati mapiko. Khazikani sipokoyo pa timitengo tiwiri ta mphanda, kenaka thirani madzi pa mapikowo.

Madzi akakhala m'mwamba amasunga mphamvu. Akamagwa, mphamvuyo imasanduka ya liwiro n'kulowa m'gudumu. Siitha, imangosamuka. Umu ndi mmene mtsinje wa Shire wakhala ukupangira magetsi ku Nkula kuyambira 1966. N'chifukwa chake madzi akachepa, magetsi amazimazima.

Ntchito: thirani muli pa masentimita 20, kenaka 60. Gudumu lathamanga kwambiri pati? Chifukwa chiyani?

Makolo a kuno ku Kasinje, chonde yang'anirani ana pogwiritsa ntchito mpeni.