MUNDA WA M'MADZI: ZA KUWETA TINSOMBA M'BOKOSI LA MAGALASI

Anthu a kumudzi akafika ku Lusaka kukaceza ndi abale ao okhala ku Mtendere, aona kuti nyumba za kumeneko nzothithikana, ndipo malo a dimba kapena khola la mbuzi asowa. Koma mtima wofuna kuweta sucoka mwa munthu wobadwira kumudzi. Ena aweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ena nkhunda, ndipo ena ayesa kuweta tinsomba tokongola m'bokosi la magalasi, limene Azungu alicha aquarium. Kawiri-kawiri woyamba ataya ndalama zace pacabe. Agula bokosi ndi nsomba tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe nsombazo zayandama zitafa, ana nalira. Colakwa cace ndi kufulumira. Bokosi lotere liyenera kukhala munda poyamba, ndipo nsomba zilowemo mundawo utakula.

1. Nchito ya zomera

M'caka ca 1850 Robert Warington, katswiri wa mankhwala wa ku London, anafotokoza zimene anayesa. Anaika tinsomba tiwiri ta mtundu wa goldfish m'cotengera ca galasi, naokamo comera ca m'madzi cochedwa Vallisneria. Masamba akale atayamba kubvunda, madzi anada. Pamenepo anaikamo nkhono za m'madzi, ndipo izo zinadya zobvundazo, madzi nayeranso. Nsomba zinakhala zamoyo miyezi yambiri ngakhale madziwo sanasinthidwe.

Cifukwa cace ndi ici. Nsomba zipuma mpweya wa okisijeni umene uli m'madzi, ndipo zomera zikalandira kuwala zitulutsa mpweya womwewo. Ndiponso m'thupi la nsomba ndi m'zakudya zotsala mucokera amoniya, ndiye ululu wakupha nsomba ngakhale ali pang'ono. Zomera ziyamwa amoniyayo monga cimanga ciyamwa manyowa, ndipo wotsalayo asandulizidwa ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya, timene tikhala pa mcenga ndi pa miyala. Koma tizirombo timeneti tifuna masabata 4 kufikira 6 kuti ticuruke mokwanira. Woika nsomba m'bokosi latsopano aziika m'madzi opanda cocotsa ululu.

Ku Lusaka zomera ziri ndi phindu linanso. Alipo makina a magetsi osefa madzi, koma magetsi azima. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, nyumba za mu mzindawo zinakhala maola ambiri pa tsiku zopanda magetsi. Bokosi la nsomba zambiri lodalira makina liri pa ngozi masiku otere, pamene bokosi la zomera zambiri ndi nsomba zowerengeka lipirira.

2. Bokosi ndi malo ace

Kabokosi kakang'ono kabvuta kuposa lalikuru, pakuti madzi ocepa aipa msanga, natentha ndi kuzizira msanga. Loyenera woyamba ndi la masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu wace. Limeneli lilowa malita 54. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, kotero bokosi lodzaza, pamodzi ndi mcenga wace, liposa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Tebulo likhale lolimba ndi losapendekeka, kuti ana aang'ono asaligwetse. Ndipo bokosi lisanyamulidwe muli madzi, pakuti galasi lingang'ambike.

Liikidwe pafupi ndi zenera, pamene pali kuwala koma dzuwa silifika mwacindunji. Dzuwa loomba pa galasi litenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere. Kuwala kwa maola 6 kufikira 8 pa tsiku kukwanira, ndipo m'nyumba ya mdima nyali yaing'ono ya sola ithandiza.

Pansi ayale dothi la kumunda lopanda manyowa kapena feteleza, kucindikala kwace masentimita 2, ndipo pamwamba pace mcenga wa masentimita 3 wotsukidwa bwino. Mcenga wa kumtsinje ndi miyala ziyambe zawiritsidwa. Sopo asakhudze bokosi kapena ndowa zace, cifukwa apha nsomba.

3. Madzi

Madzi a m'mipope ya Lusaka acokera ku mtsinje wa Kafue ndi ku zitsime zakuya za mu mzinda momwemo. Mzindawo uli pa miyala ya laimu, ndipo cifukwa cace madzi a m'zitsimezo asiya zoyera m'ketulo. Zimenezi sizibvuta zomera ndi nsomba zochulidwa pansipa. Zambiri za izo zikonda madzi otere. Cobvuta ndi mankhwala a klorini, amene athiridwa kuti anthu asadwale kolera ndi nthenda zina. Kwa munthu ali abwino, koma apha nsomba ndi mabakiteriya aja. Tsono madzi atungidwe m'ndowa yosatseka ndi kukhala tsiku limodzi kapena awiri, kuti mphamvu ya mankhwalawo iuluke. Powathira m'bokosi, aike mbale pa mcenga ndi kuthirira pa mbalepo, kuti dothi lisabvunduke.

4. Zomera zosabvuta

Vallisneria ndiye woyamba. Masamba ace ali atali ngati udzu, ndipo amera yekha m'madzi osaya a Nyanja ya Malawi. Aokedwa mu mcenga kumbuyo kwa bokosi, mizu yokha ndiyo ikwiriridwe, ndipo ayanga pansi monga kapinga.

Waciwiri ndi Ceratophyllum, wa masamba ang'ono-ang'ono ozungulira tsinde. Alibe mizu, angoyandama, ndipo popeza akula msanga acotsa amoniya wambiri. Akacuruka azulidwe wina, kuti asaphimbe zinzace.

Anubias acokera ku mitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Afrika, ndipo Java fern ku maiko a kum'mawa kwa Asia. Ziwirizi zikula pang'ono-pang'ono, ndipo zikhala bwino ngakhale kuwala kucepe. Ziri ndi tsinde logona limene libvunda likakwiriridwa. Cifukwa cace zimangidwe ndi ulusi pa mwala, ndipo mizu idzagwira yokha.

Woyamba aoke zomera zambiri tsiku loyamba lomwe, pakuti zikacepa ndere zilanda malo. Masamba ena akale adzafota pa masabata oyamba, ndipo acotsedwe. Masamba atsopano akaoneka, comera cagwira.

Zomera zigulidwe kwa ogulitsa nsomba zoweta, kapena zipemphedwe kwa mnansi amene bokosi lace lakhalitsa. Zozula m'dambo zibwera ndi nkhono, ndipo nkhono zina za m'madambo ndi m'mitsinje ya kuno zisunga tizirombo ta likodzo. Mwana wopisa dzanja m'madzi otere angathe kudwala ali m'nyumba mwao.

5. Kudikira, ndi kusankha nsomba

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Bokosi likhale lopanda nsomba masabata 4 kapena kuposa. Masiku ena mwini aponyemo kacakudya ka nsomba kakang'ono ngati njere ya mapira, kuti mabakiteriya apeze cakudya. Madzi akayera ndipo zomera zikaphuka, nthawi yakwana. Ayambe ndi nsomba 3, ndipo patapita masabata awiri aonjeze zina 3. M'bokosi la malita 54 lopanda makina, tinsomba 6 tikwanira, pakuti usiku zomera sizitulutsa okisijeni koma ziupuma pamodzi ndi nsomba.

Zoyenera ndi guppy ndi platy, tinsomba ta ku Amerika, tolimba, timene tibala ana amoyo osaikira mazira. Popeza tiswana msanga, wanzeru atenga tamphongo tokha. Tidyanso mphutsi za udzudzu; koma pa masabata akudikira, pamene nsomba mulibe, bokosi libvundikiridwe kuti udzudzu usaswanemo. Mbuna za ku Nyanja ya Malawi zichuka ku maiko akutali cifukwa ca maanga ace, koma zimenyana, zikumba mcenga ndi kudya masamba. Goldfish nayenso azula zomera, ndipo akula kuposa bokosi lotere.

Pofika ndi nsomba, thumba lace liyandame m'bokosi mphindi 20 lisanatsegulidwe, kuti madzi a m'thumba afanane kutentha ndi a m'bokosi.

6. Kusamala

Nsomba zidye kamodzi pa tsiku cakudya cimene zingathe m'mphindi ziwiri. Zambiri zifa ndi kukhuta kuposa njala, pakuti cotsala cibvunda ndi kuipitsa madzi. Ndi bwino kuti mwana mmodzi yekha apatsidwe nchito yodyetsa, ena angoonerera. Sabata iri yonse acotse gawo limodzi mwa magawo anai a madzi, nabwezeremo ena amene agona m'ndowa. Madzi ocotsedwawo athirire ndiwo. Kutsuka bokosi lonse ndiko kupha mabakiteriya ndi kuyambanso paciyambi.

Nsomba zimenezi zikonda madzi ofunda madigiri 22 kufikira 26. Lusaka ali pa malo okwera, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye uzizira kwambiri. Cifukwa cace bokosi lifunditsidwe bulangeti dzuwa likalowa. Popopera mankhwala a udzudzu kapena a mphemvu m'nyumba, bokosi libvundikiridwe ndithu, pakuti mankhwalawo apha nsomba msanga.

7. Zosayenera kutayidwa m'mtsinje

Comera ca m'bokosi cisatayidwe m'ngalande kapena m'mtsinje, ndipo nsomba comwenso. Salvinia, udzu woyandama wocokera ku Brazil, wafalikira m'maiko ambiri cifukwa anthu anausunga m'mabokosi ndi m'maiwe okongoletsa. Damu la Kariba litamangidwa m'caka ca 1959, udzuwo unafalikira pa nyanja yatsopanoyo, ndipo pofika 1962 unaphimba ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi ace. Namasupuni, amene anaturutsidwa ku South America cifukwa ca maluwa ace, anatseka mtsinje wa Kafue m'zaka za m'ma 1990, nasautsa asodzi ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge, monga wacitanso pa Shire ku Malawi. Zomera zotsala ziumitsidwe pa dzuwa ndi kuponyedwa pa dzala la manyowa, ndipo nsomba zikacuruka zipatsidwe kwa mnansi amene bokosi lace ladikira masabata ace.

Mafunso

(a) Cifukwa ninji nsomba zifa m'bokosi latsopano?
(b) Madzi a m'mpope agonerenji m'ndowa?
(c) Ndi ngozi yanji iri m'zomera zozula m'dambo?