Msonkho Ukakwera Musanafunsidwe: Mayankho kwa Amalonda a ku Kawaza

 Lero makalata ambiri amene talandira pano pa wailesi achokera ku Kawaza, kwa Mfumu Yaikulu Nsefu, ndipo onse akukamba za malonda ndi malamulo.

Kalata yoyamba ndi ya amayi ogulitsa vitumbuwa ndi tomato. Akuti: "Ndili ndi kantemba m'mbali mwa msewu. Mwezi watha kunabwera abambo ena ndi buku la malisiti, n'kunena kuti msonkho wakwera. Sitinauzidwe, sitinafunsidwe. Ndinalipira poopa kulandidwa katundu. Kodi ife ang'onoang'ono tili ndi pakamwa pa nkhani za malamulo?"

Amayi, pakamwa muli napo, ndipo anakupatsani ndi malamulo omwewo. Mu 2014 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo lotchedwa Business Regulatory Act. Lamuloli likuti bungwe la boma, ndi makhonsolo omwe, likafuna kubweretsa laisensi kapena malipiro okhudza amalonda, liyambe lafunsa anthu amene adzalipirewo kwa masiku osachepera 30, komanso lionetse mmene zidzakhudzire malonda awo. Bungwe loona kuti zimenezi zikutsatidwa ndi BRRA. Chimandipweteka n'choti patha zaka zonsezi, koma mukayenda m'misika ya kuno kuchigwa cha Luangwa n'kufunsa, ndi ochepa amene anamvapo za lamuloli.

Tsono poyambira ndi pa lisiti lija. Ndikukhulupirira kuti simunakulungire vitumbuwa. Limasuleni pamfundo ya chitenje, muliwongole, muone ngati pali chidindo, tsiku, dzina la msonkhowo ndi ndalama imene munapereka. Ngati lakale lilipo, aikeni pamodzi awiriwo, pakuti ndiwo mboni zanu. Mukatero itanani anzanu a tuntemba, khumi kaya makumi awiri, mulembe kalata imodzi, aliyense asaine kapena adinde chala. Mufunse zinthu zitatu zokha: msonkhowu waikidwa ndi lamulo liti, unavomerezedwa liti, ndipo amalonda anafunsidwa pa msonkhano wa tsiku lanji. Kalatayo ipite kwa akhansala anu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, ija timati WDC, ndipo ina mukaisiye nokha ku ofesi ya khonsolo ya Mambwe, akudindireni pa yanu yotsala. Akakuonetsani kuti zonse zinayenda bwino, lipirani ndi mtima woyera, chifukwa msika umafuna chimbudzi ndi wosesa. Akalephera, muli ndi chifukwa cholembera ku BRRA.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wosema ziboliboli. Akuti iye ndi anzake akufuna kumanga tinyumba titatu tolandirira alendo, koma atamva kuchuluka kwa mapepala ofunika, manja anagwa. "Kodi si bwino tingoyamba mwakachetechete?"

Ayi, achimwene, mwakachetechete musayambe. Tsiku limene mlendo adzadwale pakhomo panu mulibe chikalata chilichonse, mudzalira nokha. Lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, ndipo za malo ogona alendo zili m'manja mwa Zambia Tourism Agency, potsatira lamulo la zokopa alendo la 2015.

Koma dandaulo lanu ndi loona. Mudzi wanu womwewo wa Kawaza unayamba kulandira alendo mu 1997, pamene ambiri ankaganiza kuti mzungu wobwera kudzaona nyalugwe ku South Luangwa sangagone m'nyumba yaudzu n'kudya nsima ndi manja. Anagona, anadya, ndipo ndalama zina zinathandiza sukulu ya Kawaza. Ndiye ine maganizo anga ndi akuti tinyumba titatu ta m'mudzi tisamayesedwe ndi muyeso umodzi ndi loji yolipiritsa madola mazanamazana usiku umodzi. Payenera kukhala gulu lakelake la malo a m'midzi, la malipiro otsika ndi fomu imodzi. Lamulo la 2014 lija linalonjeza kale njira yotengera malaisensi pakhomo limodzi. Kwa munthu wa ku Kawaza, khomo limenelo likakhala ku Chipata kapena ku Lusaka, ndalama ya basi yokha imadya phindu la mwezi.

Mungafunse kuti adzakumverani ndani. Chaka chilichonse Unduna wa Zachuma umapempha anthu kutumiza maganizo awo pa misonkho bajeti isanalembedwe, ndipo gulu la osemasema lili ndi ufulu wolemba monga mmene alembera akuluakulu a migodi. Kuyambira mu 2021 tili ndi unduna woona za mabizinesi ang'onoang'ono. Aphungu a dera lathu la Malambo ali ndi ofesi yolandirira anthu. Malamulowa amasintha ndithu: mu 2025 malire a msonkho wa turnover anachoka pa K800,000 kufika pa K5 miliyoni pachaka, ndipo msonkhowo unakwera kuchoka pa 4 kufika pa 5 peresenti. Pokambirana zimenezo, amene ali ndi mabungwe analankhula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kuno kwathu amene akumva m'mimba ndinu.

Abambo ena alemba mwachidule kuti njovu zinathyola nkhokwe ya mpunga umene anasungira malonda, ndipo akufunsa za chipukutamisozi. Pepani, bambo, ndikuuzeni zoona: lamulo la nyama zakutchire la 2015 silikakamiza boma kulipira zimene nyama zawononga. Kanenenibe kwa a zanyama kuti zilembedwe, ndipo nkhaniyo muikweze kudzera ku gulu la m'mudzi lija timati VAG mpaka ku komiti ya zachilengedwe ya kwanu, ija timati CRB. Mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda, a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro, atanyamula buku lolembedwa nkhokwe iliyonse yothyoledwa, tsiku ndi matumba ake, mawu awo angalemere kuposa misozi ya munthu mmodzi.

M'makalata awiri mwa amenewa muli funso limodzi lolembedwa kumapeto, mwamantha: "Kodi sadzatitenga ngati andale?" Kufunsa chiyambi cha msonkho umene mukulipira si chipani. Musavale malaya a chipani popereka kalatayo, musatukwane wokhometsa msonkho, amene naye ndi wotumidwa chabe, ndipo amfumu a m'mudzi muwadziwitse musananyamuke.

Amayi a kantemba, mukapereka kalata ija mutilemberenso, mutiuze tsiku limene munaisiya ndi zimene anakuyankhani. Tidzawerenga pano pa wailesi kuti anzanu a m'misika ina amve.