NDARAMA ZOYAMBA ZA ZAMBIA

Dziko la Zambia lisanalandire ufulu pa 24 October 1964, alimi a ku Chadiza, pogulitsa nsawa ndi cimanga cao, analikulandira ndarama zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Ufulu utafika, akuru a dziko anayenera kusankha zithunzi zina zoika pa ndarama zatsopano.

Caka comweco zinaturuka ndarama zitatu. Pa sikisipensi anaikapo duwa, pa sheleni mbalame ya mlomo waukuru, ndi pa masheleni awiri mphoyo. Kuseri kwace kwa zonsezo kunali cizindikiro ca dziko: nkhwazi, khasu ndi piki. Motero ngakhale mlimi wosadziwa kuwerenga anaona khasu lace pa ndarama, nazindikira kuti dziko liri lace. Pa 16 January 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni.

Abale, werengani Mateyu 22:15-22. Pamene adani anamuyesa Ambuye Yesu ndi funso la msonkho, Iye anawapenyetsa cithunzi ca pa ndarama, pakuti cithunzi cimanena mwini wace. Tsono inu muli ndi cithunzi ca yani? Genesis 1:27 atiphunzitsa kuti munthu analengedwa m'cifanizo ca Mulungu.

Sheleni ija ya 1964 lero singagule ngakhale mcere, koma cifanizo ca Mulungu sicitha mtengo. Ciri pa waganyu wa m'munda mwanu, ciri pa mkazi wamasiye wodzagula cimanga kwa inu. Womnyenga mmodzi wa iwo pa muyeso kapena pa malipiro, anyoza Mwini cifanizoco.