CAKUDYA CA CIMANGA CIPANGIDWA M'MASAMBA

Alimi ambiri ayesa kuti cimanga cikula pakudya dothi. Koma kale munthu wina wa ku Brussels, dzina lace Jan van Helmont, anaoka kamtengo kolemera mapaundi 5 m'dothi lolemera mapaundi 200, nakathirira madzi okha. Zitapita zaka 5, mtengowo unalemera mapaundi 169, pamene dothi linacepa ndi maaunsi 2 basi. Nkhaniyi inasindikizidwa m'caka ca 1648. Nanga kulemera konseko kunacokera kuti?

Nchito ya tsamba

Yankho liri m'masamba. Mizu ikoka madzi m'nthaka ndi kuwatumiza kumwamba. Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, m'mene mulowa mpweya wochedwa carbon dioxide, womwe anthu ndi ziweto aturutsa popuma. M'kati mwa tsamba muli cinthu cobiriwira, dzina lace chlorophyll, cimene cigwira kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya kuwalako tsamba lisanduliza madzi ndi mpweya uja kukhala shuga, ndipo liturutsa mpweya wabwino umene anthu apuma. Ndiye shuga amene ana amva potafuna phesi laliwisi. Ngaiyaye zikaturuka, shugayo apita ku cisononkho nasanduka ufa wa m'maso a cimanga.

Usiku nchitoyi ileka. Ndiponso udzu wobvundikiridwa ndi mphika masiku owerengeka usanduka wacikasu ndi wofooka cifukwa cosowa dzuwa.

Zoyenera kucita mlimi

1. Apalire msanga, makamaka m'masabata 6 oyamba cimanga citamera. Udzu uphimba mbeu zazing'ono ndi kuzilanda madzi.

2. Apatulire mbeu zothithikana. Mapesi ocuruka pa phando limodzi acitirana mthunzi, natalika osabereka bwino.

3. Athire manyowa kapena fetereza. Masamba am'munsi akayamba cikasu nthawi isanakwane, kawirikawiri nthaka yasowa nitrogen, ndipo tsamba lotere lipanga shuga pang'ono.

4. Asathyole masamba aawisi kupatsa ng'ombe cimanga cisanakhwime. Masamba a pa cisononkho ndi a pamwamba pace ndiwo adzaza maso a cimanga koposa onse.

Tsamba liri lonse lotayika pa dzinja ndi ufa wocepa m'nkhokwe pa mwezi wa njala. Mlimi wofuna kudziwa za mipata yoyenera pobzala afunse mlangizi wa malimidwe wa m'dera lace mvula isanagwe.