Nkhunda zoyera za pa njinga

M'boma la Chadiza, bambo wina anali ndi khola la nkhunda lokwezedwa pa nsanamira zinayi, komanso nkhuku zokwanira kuphera alendo ndi kugulira ana makope. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakhomopo panaima mnyamata wa njinga atamangirira dengu kumbuyo. M'dengumo munali nkhunda zoyera mbee, za mchira wotambasuka, zija anthu amaweta pofuna kukongoletsa pakhomo.

"Amalume, izi n'zachizungu, ndaweta ndekha. Katemera zinalandira kale."

"Nanga mtengo watsikiranji chonchi, mphwanga?"

"Ndikusaka ya feteleza basi."

Bamboyo anagwira imodzi, naiyang'ana m'maso, naitambasula mapiko. Inali yonenepa, nthenga zili see. Anagula yaimuna ndi yaikazi, ndipo madzulo omwewo zinagona m'khola limodzi ndi zinzake. Kutacha zinatsika kukamwa m'phale lomwe nkhuku zimamweramo.

Sabata isanathe, yaikazi ija inapindika khosi. Ikati ijomphe chimanga inkaphonya, n'kumazungulira pamalo amodzi. Pansi pa khola panadzaza zitosi zamadzi zobiriwira. Posakhalitsa nkhuku nazo zinayamba kusinza masana, kupuma mobanika, mapiko ali lende ngati zavala jekete. Mayi wa pakhomopo anasinja tsabola, nathira m'madzi pamodzi ndi makapusozi a anthu. Sizinaphule kanthu, pakuti chinali chitopa, ndipo chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimapewedwa ndi katemera nkhuku zisanadwale.

Apa m'pamene ambiri timapusitsidwa. Kachilombo ka chitopa kakalowa m'thupi la mbalame, pamapita masiku 2 mpaka 15 zizindikiro zisanaoneke, kawirikawiri 5 kapena 6. Mbalame yoti yatenga kale matenda imadya, imauluka, maso ali gwa, ndipo ngakhale mutaigwiragwira bwanji simungaidziwe. Amene amadziwa ndi mwini khola, poti ndiye waona zinzake zikufa. Ndipo si chinsinsi kuti chitopa chikalowa pakhomo, makamaka miyezi yotentha mvula isanagwe, ena amathamangitsira kumsika zotsalazo zisanawafere m'manja. Mtengo wotsika uja umachokera pamenepo.

N'chifukwa chake woweta weniweni mumamulondola kwawo. Kaoneni khola, zitosi zili pansi, mbalame zimene sakugulitsa. Tsegulani kukamwa kwa nkhundayo: mukapeza zachikasu zomata kukhosi, ndi matenda enanso amene amapha maunda. Akanena za katemera, funsani tsiku lake ndi amene anapereka. Katemera wa chitopa amene amafika kumidzi yathu ndi I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, pafupi ndi Lusaka. Ndi dontho limodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse. Wopereka katemera moona sazengereza kutchula mwezi ndi dzina la wa veti. Wabodza amayamba kusimba za kukongola kwa mchira.

Lonjezo la pakamwa nalo ndi mphepo. Ngati wogulitsa akuti adzabweza ndalama mbalame ikafa pasanathe masabata awiri, anene pali mboni, kapena alembe pakapepala dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Mukafika nayo kunyumba, mlendoyo akhale m'khola lakelake, ndi phale lake, masabata atatu kapena mwezi, kutali ndi zinzake. N'zotopetsa, inde, ndipo ana adzadandaula kuti nkhunda yokongola mwaibisa kuseri kwa nkhokwe.

Kuno malire a Mozambique ali pafupi, ndipo mbalame zina zimadutsa njira zachidule popanda wa veti kuziona, chonsecho lamulo la Animal Health Act la 2010 limafuna chilolezo chiweto chisanalowe m'dziko. Zinanso ndi timbalame tobiriwira ta nkhope yofiira ta kuchigwa cha Luangwa: kutigwira kutchire popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015.

Bambo uja anapita kwa a veti ku Chadiza khola litatsala pang'ono kuuma. Anamuuza kuti zakufazo azikwirira mozama kapena kutentha, asese ndi kuwotcha zitosi, ndipo asalowetse mbalame zatsopano msanga. Malangizowo anafika mochedwa. Nkhuku zofooka anali atazipha kale n'kugawira abale ndiwo, matumbo ndi nthenga zitatayidwa kudzala komwe nkhuku za eni ake zimapalasa. Makomo oyandikana nawo atayamba kulira, nkhani inakafika kwa anyakwawa. Atafunsidwa kuti nkhundazo anagula kwa yani, bamboyo sanadziwe dzina la mnyamatayo ngakhale mudzi umene amachokera.