Nkhungu ya pakhoma ndi chuku cha m'thumba

Muulutsi: Mvula yatha, anthu ali kalikiliki kukolola, ndipo makalata a lero onse akufunsa za nkhungu ya m'nyumba ndi chuku cha m'zakudya. Tili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kuyeza zinthu zimenezi mu labotale. Mayi, takulandirani.

Katswiri: Zikomo achimwene. Makalata ndawaona, ndi ambiri ndithu. Tiyeni tiyambepo.

Muulutsi: Yoyamba yachokera ku Chilobwe. Mayi amene alemba akuti: "Chipitireni namondwe wa Freddy, khoma la kuchipinda kwathu limachita nkhungu yakuda chaka ndi chaka. Timapaka laimu koma imabwereranso. Mwana wanga amabanika usiku. Kodi ndikwangule pang'ono ndikayezetse kuti ndidziwe ngati ndi yoopsa?"

Katswiri: Pepani mayi ndi vutoli. Yankho langa lindilanda makasitomala, koma ndinena: sungani ndalama zanuzo. Mukabwera nayo, ife timaiika pa galasi n'kuiyang'ana pa maikulosikopu. Kapena timaidzala m'timbale tokhala ndi chakudya chake, n'kutisunga pa madigiri 25 kwa masiku asanu mpaka sabata kuti imere. Pamapeto tikupatsani pepala lolembapo mayina, kaya Cladosporium, kaya Penicillium, kaya Aspergillus. Ndiye mukafika nalo kunyumba pepalalo, muchita chiyani chimene simukanachita musanabwere? Palibe. Nkhungu iliyonse yomera m'chipinda chogona iyenera kuchoka, dzina lake likhale lotani. Bungwe la CDC la ku America limanena zomwezo, kuti ngati mukuiona kapena kumva fungo lake, kuyeza n'kosafunika. Nalo bungwe la WHO, mu malangizo ake a 2009 okhudza chinyezi m'nyumba, silinaike nambala yoti pansi pake nkhungu ndi yabwinobwino.

Za kuda kwakeko musade nazo nkhawa mopitirira. Mbiri yoipa ya nkhungu yakuda inachokera ku Cleveland, ku America, komwe mu 1993 ndi 1994 makanda angapo anatuluka magazi m'mapapo, ndipo anthu analoza chala mtundu wina wotchedwa Stachybotrys. CDC itaunikanso nkhaniyo mu 2000 inati umboni sunali wokwanira. Komanso mitundu yambirimbiri imaoneka yakuda, moti maso sangasiyanitse.

Chimene muyenera kusaka ndi madzi, chifukwa nkhungu simera pakhoma louma. Ngati yayambira pamwamba, onani malata ndi misomali. Ngati ikuyambira pansi n'kumakwera, madzi akuchokera m'nthaka: mwina omanga sanaike pulasitiki wakuda uja wa DPC, kapena dothi lokokoloka linaunjikana kuseri kwa khoma, kapena madzi ogwa padenga alibe ngalande. Zoyera zonga ufa zimene zimatuluka pa njerwa nthawi zambiri ndi mchere chabe. Muzidontheze madzi, zikasungunuka si nkhungu. Madzi mukawatseka, tsukani khomalo ndi sopo kapena Jik wosungunula, mawindo ali otsegula, mwana ali panja, ndipo Jik musamusakanize ndi mankhwala ena alionse. Dikirani liume musanapake laimu. Bedi ndi wodirobu zisagunde khoma. Matiresi ndi siling'i bodi zimene nkhungu yalowa mkati sizitsukika, n'zotaya basi. Mwanayo pitani naye kuchipatala sabata ino, akamuone ngati ali ndi mphumu, ndipo mukawauze adokotala za khomalo.

Muulutsi: Yachiwiri yachokera kutali, kwa mlongo wathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Akuti nyumba ya lendi imene akukhala imachita nkhungu nyengo yozizira, ndipo pa intaneti waona makampani oyeza mpweya wa m'nyumba, ena oyeza mkodzo kuti aone ngati poizoni wa nkhungu walowa m'thupi. Akufunsa kuti ayambe ndi ziti.

Katswiri: Achemwali, za mkodzozo zisiyeni. Poizoni amene amamupeza mumkodzo, monga ochratoxin A, amapezeka pang'onopang'ono ngakhale mwa anthu athanzi, chifukwa amabwera ndi buledi, khofi ndi zipatso zouma. Pepala likati "wapezeka" silikuuzani kuti wachokera kukhoma. CDC inachenjeza za mayeso amenewa mu 2015. Ndipo kawirikawiri wokuyezaniyo amakhala ali ndi mankhwala "otsuka m'thupi" oti akugulitseni.

Kuyeza mpweya kuli ndi ntchito yake, koma n'kochepa mphamvu. Pampu imakoka mpweya kwa mphindi zisanu kapena khumi, timbewu ta nkhungu timamatirira pa kagalasi, ife n'kuwerenga. Mukayeza m'mawa, n'kuyezanso madzulo mutasesa, manambala amasiyana kutali. Ndipo ngati sanayeze mpweya wa panja tsiku lomwelo, palibe choyerekezera, pakuti timbewu timeneti tili paliponse. Kuli njira ina yotchedwa ERMI, yofufuza DNA ya mitundu 36 ya nkhungu m'fumbi la m'nyumba, koma eni ake amene anaipanga, a bungwe la EPA ku America, amati ndi ya kafukufuku, si yoweruzira nyumba ya munthu.

Inu chimene mukufuna ndi umboni wokakamiza mwini nyumba. Jambulani zithunzi zokhala ndi madeti, mulembereni kalata n'kusunga kope, ndipo akazengereza pitani ku khonsolo, ku ofesi yoona za ukhondo wa malo okhala. Ku England nkhaniyi saiseweretsanso chichitikireni imfa ya mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, ku Rochdale mu 2020, imene khoti lofufuza za imfa linagamula mu 2022 kuti inadza chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu. Eni nyumba akakuuzani kuti vuto ndi kaphikidwe kanu, musangovomera. Apempheni abwere ndi kachipangizo koyezera chinyezi cha m'khoma.

Muulutsi: Tibwerere kumudzi. Bambo wina wa ku Mchinji akudandaula. Akuti: "Gulu lathu linasonkhanitsa mtedza wabwino, wosankha, wopanda chuku chooneka. Ogula anatapa pang'ono, anakayeza, n'kutiuza kuti walephera. Mnzathu anatengako wa m'thumba lomwelo kukayezetsa kwina, wakhoza. Kodi si kutibera kumeneku?"

Katswiri: Apa ndiye pamene labotale ikufunikadi, bambo, ndipo ndikhalitsapo. Kukhoma kuja ndinati maso akukwanira. M'thumba la mtedza maso sakwanira. Chimene ogula akuyeza si chuku chenichenicho ayi, koma poizoni amene chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimasiya mu njere, wotchedwa aflatoxin. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amatsalira ngakhale chukucho chitafa. Anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Amawononga chiwindi, ndipo kumudya pang'onopang'ono kwa zaka kumadzetsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B.

Malire ake ndi ochepa zedi. Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa biliyoni. Ku America malire ndi 20. Magawo 4 pa biliyoni ndi magalamu 4 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50.

Tsono n'chifukwa chiyani thumba limodzi latulutsa mayankho awiri? Mchere wa m'ndiwo umasungunuka mphika wonse, n'chifukwa chake mumalawa supuni imodzi n'kudziwa. Aflatoxin sali choncho. Ali ngati mwala mumpunga: wina adya mbale yonse osaupeza, mnzake waluma pa nthongo yoyamba. Njere zochepa chabe ndi zimene zimasenza poizoni yense, zinazo n'kukhala zabwino. Chikho cha ogula chikhoza kukhala kuti chinagwira njere yoipa, cha mnzanuyo chinaiphonya, ndipo ma labotale onse awiri ananena zoona pa zimene anapatsidwa. Pa zolakwika zonse za kuyeza aflatoxin, gawo lalikulu limachitika potapa sampulo, makina asanayatsidwe n'komwe. N'chifukwa chake pa katundu wambiri wopita ku Ulaya lamulo limafuna kutapa malo 100 osiyanasiyana mpaka kukwana makilogalamu 20, onsewo n'kuwasakaniza ndi kuwagaya.

Choncho ulendo wina mukakhalepo potapa. Chitsulo chotapira chilowe m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi. Zotapazo zisakanizidwe, zigayidwe, kenako ufawo ugawidwe pawiri, wina wa ogula, wina wanu womata bwino. Mukatsutsana, wanuwo ndi umene mungapite nawo kwina, monga ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre kapena ku Chitedze ku Lilongwe. Funsaninso njira imene ayezera. Pamsika ambiri amasungunula ufawo m'mankhwala n'kuviikamo kapepala kotulutsa mizere, kogwira ntchito mofanana ndi koyezera malungo kuchipatala. N'kabwino posefa mwachangu, koma pa mkangano wa ndalama zambiri yankho lodalirika limachokera ku makina a HPLC.

Ndisakunamizeni kuti vuto lili kwa ogula okha. Chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, n'kuweta chuku ndi manja athu. Mtedza wa mphwephwa, wosweka, wobooledwa ndi chiswe, ndi umene umasenza poizoni wambiri. Ndipo nthawi zina chuku chimalowa mtedza usanakumbidwe, mvula ikadula msanga nthaka n'kutentha masabata omaliza. Dzalani ndi mvula yoyamba, kumbani pa nthawi yake, umitsani pa Mandela koko kapena pa thandala, osati padothi. Alangizi angakuuzeninso za Aflasafe, imene bungwe la IITA linapanga: ndi mapira okutidwa ndi chuku chosatulutsa poizoni, amene amawazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa kuti chilande malo a choipacho.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mtedza wosankhidwa bwino umapita kunja, wotsalira uja n'kusinjidwa nsinjiro za phala la mwana.

Muulutsi: Mwandikumbutsa kalata iyi ya ku Dedza, Mayi. Mtsikana wina akuti agogo ake sataya chimanga chowola. China amapatsa nkhuku, china amafululira mowa, ndipo amati moto umapha zonse.

Katswiri: Mwanawe, ukawauze agogo mwaulemu kuti moto umapha chuku koma poizoni wake sumutha. Nsima ipse bwanji, mtedza ukazingidwe bwanji, wambiri amatsala. Mumowa amalowamo. Ng'ombe ikadya madeya oipa amatulukira mumkaka, ndipo nkhuku zimafooka n'kuchepetsa kuikira. Ku Kenya mu 2004, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira, ambiri atadya chimanga cholima okha chimene anachisunga chisanaumitsitse. Kwa anansi athu ku Zambia, mu 2024 boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo litayeza linapeza aflatoxin wochuluka mu ufa wa zigayo zina. Chimanga chilinso ndi poizoni wina, fumonisin, amene akatswiri a ku South Africa anamutulukira mu 1988, ndipo akuganiziridwa kuti amathandizira khansa ya kummero.

Banja la kumudzi silingayezetse thumba lililonse ku labotale, zimenezo tisanamizane. Koma kuuma kwa chimanga mungakuyeze nokha. Tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga ndi mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chibwerere padzuwa. Choyenera kusunga ndi cha chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsika apo. Matumba akhale pa mitengo, osagunda khoma, ndipo m'matumba osalowa mpweya a PICS musaikemo chonyowa. Pa chinthu chimodzi agogowo ali kutsogolo kwa ife: kusankha, kukonola, kuviika ndi kutaya madzi ake, monga amachitira pokonza ufa woyera, kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyu, ngakhale kumachotsanso zina zomanga thupi. Koma chowola chenichenicho chikwiriridwe kapena chitenthedwe.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma iyi ndi yaifupi. Bambo wa ku Nkhotakota akuti anachira TB, koma akutsokomolabe, nthawi zina magazi, ndipo makhololo akayezedwa TB sapezeka. Nyumba yawo ndi yachinyezi. Ayezetse nyumbayo?

Katswiri: Ayi bambo, woyezedwa ndinu, ndipo musachedwe. TB imatha kusiya mphako m'mapapo, ndipo nkhungu ya Aspergillus imatha kumera m'mphakomo. Zizindikiro zake zimafanana ndi TB, moti ena amabwerezedwa mankhwala a TB pachabe. Pitani kuchipatala chachikulu ndi buku lanu lakale, akujambuleni pachifuwa, ndipo mufunse ngati angayeze magazi kufufuza Aspergillus. Mankhwala ake alipo, monga itraconazole, koma ndi omwa miyezi ingapo moyang'aniridwa ndi dokotala. Pakadali pano kupeta chimanga, kusesa m'khola la nkhuku ndi kukwangula khoma muwasiyire ena. Magazi akatuluka ambiri, musadikire kuti kuche.

Muulutsi: Omvera, makalata amene sitinawawerenge tiyamba nawo sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.