Nkhandwe ya masana

Inafika pakhomo pa amalume dzuwa lili paliwombo, m'mwezi wa Ogasiti, anthu atatha kale kukolola. Mudzi wathu uli m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, choncho nkhandwe si zachilendo kwa ife. Timazimva usiku zikulira kudambo, m'mawa n'kupeza mapazi ake kuseri kwa khola la nkhuku. Koma iyi inabwera masanasana, ikudzandira ngati yamwa kachasu, n'kudzaima pambali pa nkhokwe kumangotiyang'ana. Mwana wina anaigenda ndi chitsononkho. Sinathawe.

Agogo anangoti, "Malodza awa," n'kulowa m'nyumba. Ife anyamata tinaimba mluzu kuitana Mungandichitenji.

Ameneyu anali galu wa amalume, wofiirira, khutu limodzi long'ambika, katswiri pa uzimba. Ndewu yake sinachedwe. Anaigwira pakhosi, kuipukusa kangapo, basi. Tinakuwa ngati tagoletsa chigoli, ndipo amalume anamupatsa mkute wonse wothira msuzi. Galuyo anali ndi kabala kakang'ono pamphuno ndi kena pamwendo wakutsogolo. Amalume anapakapo oyilo wakuda wa galimoto kuti ntchentche zisamaterepo, ife n'kukokera nkhandweyo kudzala ndi manja athu. Nkhani inathera pomwepo, kapena tinene kuti ife tinayesa yatha.

Patapita mwezi, galu uja anasintha. Iye amene ankathamangira aliyense wotuluka ndi mbale anayamba kubisala pansi pa nkhokwe. Nsima anaikana. Kuuwa kwake kunasasa, kumamveka ngati kwa galu wachilendo. Ankatafuna mitengo, miyala, ngakhale chingwe chomangira mbuzi. Tsiku lachitatu chibwano chinalendewera, dovu lili chuchuchu. Amalume anati watsamwa fupa. Anamugoneka pansi, n'kupisa dzanja m'kamwa mwake mpaka kummero, dzanja lokhala ndi ming'alu ya khasu. Fupa sanalipeze. M'mawa mwake galuyo analuma mbuzi, analimbana ndi agalu ena kuchitsime, kenako analuma mwana wa aneba pakatumba.

Mlangizi wa ziweto atafika pa njinga, sanafunse za fupa. Anati, "Bambo, galuyu wakumana ndi chilombo chanji masabata apitawa?" Tonse tinayang'anana. Funso lachiwiri linali la katemera. Amalume anawerama. Tsiku limene a vetenale anabwera kudibi chaka chimenecho, iwo anakana kupita naye, ati jekeseni imafoola galu ndipo sagwiranso kalulu. Bodza limeneli lafala kwambiri pakati pa alenje, ndipo lapha agalu ambiri.

Mlangiziyo ndiye anatimasulira zimene agogo anazitcha malodza: chinali chiwewe. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pabala sikathamanga ndi magazi, kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. N'chifukwa chake galu amaoneka wabwinobwino kwa masabata kapena miyezi, bala n'kupola, anthu n'kuiwala. Bala likakhala pafupi ndi mutu, ngati lija la pamphuno, ulendowo umafupika. Ndipo kachilomboka kakafika ku ubongo wa nyama yakutchire, kamaichotsa mantha. Nkhandwe, msulu kapena fisi amene amathawa akangomva fungo la munthu amadzalowa pabwalo ngati mlendo woitanidwa. Ena amafika ofooka, osalusa n'komwe, ana n'kumafuna kuwagwira. Zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala. Galu amafa pasanathe masiku 10, ndipo munthu naye akafika poopa madzi sachira. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu.

Apa ndiikire kumbuyo nkhandwe pang'ono. Kawirikawiri nayonso matendawa imawatenga kwa agalu athu omwewa, amene amatsata alenje ndi owotcha makala m'nkhalango. Imangobweza zimene tinaipatsa. Matenda amayenda mbali zonse ziwiri: ku Serengeti m'dziko la Tanzania, mu 1994, nthenda ya agalu yotchedwa distemper inapha pafupifupi mkango umodzi mwa itatu iliyonse. Koma kwa mwini galu, woyambitsa ndani zilibe ntchito. Chimene chili m'manja mwake ndi chingwe ndi katemera.

Mungandichitenji anaphedwa tsiku lomwelo limene mlangizi anabwera. Amalume sanafune kuonerera, anapita kudimba. Mutu wake anautumiza kokauyeza ku Lilongwe, ndipo yankho linabwera monga mlangizi ananenera. Agalu ena anayi amene analimbana naye, onse osabayitsa, anaphedwanso, mabanja n'kusiya kulankhulana kwa miyezi. Mbuzi ija anaikwirira, palibe anadya. Mwana uja anamutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira naye kuchipatala. Amalume nawonso anayenera kubayitsa chifukwa cha dzanja lija. Jekeseni yake si ya tsiku limodzi, umabwerera kangapo pa masiku oikika, ndipo ndalama ya thiransipoti inadya mbuzi ziwiri zina. Onse awiri ali moyo. Ife amene tinakoka nkhandwe ija tinangopulumuka chifukwa m'manja mwathu munalibe mabala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti katemera amene amalume anamukana anali waulere. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasowa podutsa. Si zongolota. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Ndipo pa 28 Sepitembala chaka chilichonse, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur amene anapanga katemera woyamba wa chiwewe mu 1885, dziko lonse limakumbukira nthendayi. Wailesi zimalengeza, koma galu sadziyendera yekha kudibi.

Anthu am'tauni musati izi n'zakumudzi. Misulu ndi nkhandwe zimalowanso m'mipanda ya njerwa, makamaka m'madera oyandikana ndi tchire ndi mitsinje, ndipo galu wanu wodya nyama ya m'sitolo amagwira zilizonse zimene zalowa usiku.

Tsono inu awerengi, mukadzaona nyama yakutchire ikuyenda pabwalo masana, ikudzandira kapena osakuthawani, musaimbe mluzu. Mangirirani galu, ana alowe m'nyumba. Ngati galu walimbana nayo kale, valani majumbo m'manja, mutsukeni mabala ndi sopo, mumutsekere payekha, ndipo muitane a vetenale tsiku lomwelo ngakhale anabayitsa kale. Nyama yakufayo musaigwire, ndipo agalu ena asaidye.